Peji ili ndi anthu koma m'thumba mulibe kanthu? Mmene mungasandutsire macheza a pa Facebook ndi WhatsApp kukhala geni

Funso limene ndatopa nalo ku inbox ndi ili: "Achimwene, peji yanga ili ndi anthu ndithu, ndikaponya chithunzi malayiki amabwera, koma bandulo ndimagulabe ndi ndalama ya ganyu, nde phindu lake lili pati?" Ambiri ofunsa chonchi amakhala akudikira tsiku loti Facebook idzawatumizire madola. Dikirani, palibe wakuletsani. Koma ine kuno ku Mchinji ndalama yoyamba imene ndinagwira chifukwa cha peji sinachokere kunja ayi, inachokera kwa bambo ena a ku Lilongwe amene ankafuna mtedza wa CG7 koma analibe nthawi yobwera kudzazungulira m'midzi. Ine ndinkangolemba mitengo ya zokolola imene ndaona pamsika wa Kamwendo, basi, mwachizolowezi, osadziwa n'komwe kuti pali wina akundiwerenga mwakachetechete, ndipo bambowo sanapangepo layiki ngakhale kamodzi, anangotulukira tsiku lina ndi meseji.

Nde mfundo yanga ndi imodzi: geni siili m'malayiki, ili m'mafunso amene anthu amakufunsani mobwerezabwereza inu n'kumangoyankha kuti "kaya" kapena osayankha kumene. Tiyeni tione mmene mungawagwirire mafunsowo.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Foni yojambula zooneka. Yodula siyofunika, bola galasi la kamera muzilipukuta.
- WhatsApp Business, ndi yaulere pa Play Store.
- Nambala yapadera ya geni, yolembetsa m'dzina lanu, yokhala ndi Airtel Money kapena Mpamba. Mukakhala nazo zonse ziwiri ndi bwino koposa, kasitomala asapeze podzikhululukira.
- Kope lachikuto cholimba ndi bolopeni. Musaseke, chida chachikulu ndi chimenechi.
- Pawabanki kapena kasola, poti magetsi mukuwadziwa kale.
- Chinthu chimodzi chimene mumachidziwa kuposa anzanu, kaya ndi mitengo ya pamsika, kaya nkhuku, kaya zosoka, kaya mpira wa m'maboma.

1. Sankhani munda umodzi

Lero mwaponya za mpira, mawa za ndale, mkucha nthabwala za apongozi, Lamlungu vesi. Anthu aseka, inde, koma palibe amene angakukumbukireni akafuna chinthu. Munthu akafuna matumba a soya amakumbukira "uja amalemba za mbewu uja", osati "uja wa nthabwala uja". Sankhani chimodzi ndipo muchiphatikize ndi dera lanu. Za ulimi olemba alipo ambiri, koma za ulimi wa ku Mkanda, Kapiri ndi Waliranji, mitengo yake ndi misewu yake nthawi ya mvula, olemba ake ndi ochepa, ndipo pamenepo ndi pamene muli ndi mphamvu yoposa wa mu tauni.

Chenjezo: musasankhe nkhani chifukwa ikutchuka. Mukasankha zimene simukuzidziwa, funso lachitatu lokha likuyalutsani.

2. Ponyani zinthu zoti munthu agwiritse ntchito

Positi iliyonse ikhale ndi zitatu izi: malo, tsiku, ndi chinthu chogwirika. Mmalo molemba kuti "mtedza wakwera abale", lembani kuti lero Lachitatu pa Kamwendo mavenda akugula Chalimbana pa mtengo wakuti pa kilo, CG7 pa wakuti, wosenda kapena wosasenda, ndipo ikani chithunzi chimene mwajambula nokha cha sikelo ndi thumba. Tsiku musaliiwale chonde. Mukukumbuka mu November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti mmene mitengo inkasinthira m'mawa ndi madzulo, munthu akaona positi yopanda tsiku amabwera ndi ndalama ya mwezi watha kenako n'kumati mwamunamiza.

Tsatiraninso kalendala ya kwathu kuno. April mpaka June anthu maso ali pa soya, mtedza ndi msika wa fodya. August kupita kutsogolo ndi zinkhoswe ndi maukwati. October ndi November ndi mbewu ndi feteleza. January ndi February aliyense akufunsa za chimanga. Mukaponya zogwirizana ndi nyengo, mafunso amabwera okha simuchita kupempha kuti "layikani ndi kushera".

3. Yankhani, ndipo yankhani lero lomwe

Apa ndi pamene ambiri timagwera. Munthu wafunsa kuti "nanga soya ali pa bwanji?" inu n'kumuika ka mtima basi n'kudutsa. Ameneyo mwina ndi wogula wa matani. Ikani nthawi ziwiri patsiku zoyankha, ine ndimachita m'mawa ndisanatuluke ndi madzulo ndikamaliza kudya, ndipo yankho lizikhala lodzadza, lomaliza ndi kafunso kobwezera: "Mukufuna wochuluka bwanji bwana, ndipo muli kuti?" Kafunso kameneka ndi kamene kamasiyanitsa wongocheza ndi wofuna kugula.

Chinanso, onani foda ya mameseji obisika. Pa Messenger anthu amene si anzanu akakulemberani, meseji yawo imakagwera ku message requests, ndipo ine nditakatsegulako koyamba ndinapeza meseji ya mayi ena ofuna wowapezera nkhuku za chikuda za paukwati, itagona miyezi iwiri, ukwati unachitika kalekale. Zinandiwawa mpaka lero.

Chenjezo: wachipongwe musalimbane naye pagulu. Wogula weniweni amawerenga mmene mumayankhira anthu ovuta asanakukhulupirireni ndi ndalama zake. Ndipo ulemu, "bwana", "mayi", "achimwene", sulipiritsa.

4. Tsegulani kope la mafunso

Ili nde phata la nkhani yonse, mukalumpha apa zinazo n'zachabe. Tengani kope lija, jambulani mizere inayi: tsiku, amene wafunsa ali kuti, wafunsa chani, ndipo mwamuyankha bwanji. Funso lililonse lolowa, kaya pansi pa positi, kaya ku inbox, kaya munthu wakuimitsani pa depoti kuti "si inu a peji ija?", lilembeni. Musasankhe, ngakhale looneka lopusa.

Pakatha mwezi khalani pansi muwerenge, mudzadabwa. Ine ndinkaganiza kuti anthu amanditsatira chifukwa cha mitengo, koma nditawerenga kope ndinapeza kuti mafunso ambiri sanali a mtengo ayi, anali a mtundu wa "mungandipezere?" ndi "ndani wodalirika kumeneko?" ndi "galimoto yonyamula ingapezeke?". Kutanthauza kuti chimene anthu ankasowa si nkhani, ankasowa munthu wa maso ndi miyendo pamalopo amene sangawabere. Wa ku Area 25 akufuna mtedza koma akuopa kutumiza ndalama kwa venda wosamudziwa, mwana wa kuno amene ali ku Joni akumangitsa nyumba kumudzi ndipo akufuna wina akajambule ngati njerwa zafikadi pa windo monga akumuuzira abale ake, wa ku Chipata akufunsa mtengo wa zinthu mbali ino asanawoloke pa Mwami. Zonsezi ndi ntchito, ndipo palibe imodzi imene ndinaiganizirapo poyamba peji.

Lamulo langa ndi loti funso likabwera katatu kuchokera kwa anthu atatu osadziwana, limenelo si funsonso, ndi geni ikugogoda. Lizungulizeni ndi bolopeni yofiira. Likabwera kamodzi kokha lisiyeni kaye, musathamangire kukatenga ngongole ku banki mkhonde chifukwa munthu mmodzi wafunsa za makina osendera mtedza.

Chenjezo: musadalire mutu kapena foni kusunga zimenezi. Foni imagwera m'madzi, imabedwa pa minibasi, mameseji amakwiririka. Kope silitha chaji.

5. Asamutsireni ku WhatsApp Business

Facebook ndi pamsika, WhatsApp ndi m'shopu. Mukaona kuti munthu watsimikiza, mupatseni nambala ya geni mukakambirane kumeneko. Koma ikonzeni kaye:

Lembani dzina lomwelo la peji, malo, ndi maola amene mumayankha. Ikani meseji yolandirira alendo yaifupi, yofunsa dzina, kumene ali ndi chimene akufuna. Mu catalog, malo oonetsera zimene mukugulitsa, ikani ntchito zanu ndi zithunzi zenizeni. Gwiritsani ntchito ma label, tizizindikiro tosiyanitsira makasitomala, ine anga ndi anayi okha: wafunsa, wapereka dipoziti, katundu wapita, zatheka. Ndipo mayankho amene mumalemba tsiku ndi tsiku asungeni ku quick replies kuti zala zipume.

Sitetasi imakhala maola 24 basi n'kuzimiririka, nde ndi yabwino pa zinthu za lero monga mitengo. Broadcast, yotumizira meseji imodzi kwa anthu ambiri nthawi imodzi, imatenga anthu 256, koma dziwani kuti amalandira ndi okhawo amene anasunga nambala yanu, choncho aliyense muzimuuza kuti "sevani nambalayi". Zoponya anthu mu gulupu osawapempha siyani, zimanyansa, munthu amadzuka n'kupeza ali mu gulupu ya feteleza iye ali wa saluni.

Chenjezo lalikulu: yatsani two-step verification, loko wachiwiri woteteza akaunti, pa WhatsApp ndi pa Facebook pomwe, lero. Wina akakuimbirani kuti "takutumizirani manambala 6 molakwika, tiwerengereni", dulani foni. Akaunti ikabedwa, mbavazo zimayamba kupempha ndalama makasitomala anu m'dzina lanu, ndipo dzina limenelo kulitsukanso ndi ntchito.

6. Sandutsani funso kukhala ntchito yokhala ndi dzina

Bwererani ku zofiira zija m'kope. Kawirikawiri zimagwera m'magulu awa.

Kulumikiza wogula ndi wogulitsa. Iyi siifuna mpamba, imafuna miyendo ndi chilungamo. Mumapeza katundu, mumamuona ndi maso anu, mumajambula kavidiyo, mumadya komishoni pa thumba. Pa mtedza samalani ndi chuku komanso wonyowetsedwa dala kuti ulemere, pisani dzanja mpaka pansi pa thumba, thyolani njere zingapo, nunkhizani. Sikelo ikhale yoti inayesedwa ndi a MBS, bungwe loona za miyezo. Ndipo ngati mwafika poti mukugula nokha kwa alimi kuti mukagulitse, imeneyo ndi nkhani ina, pamafunika chiphaso chogulira mbewu kuchokera ku unduna wa zaulimi komanso kutsatira mitengo yoyambira imene boma limalengeza chaka ndi chaka. Zowolotsa chimanga kapena soya kupita ku Zambia popanda chilolezo, kudzera njira zachidule usiku, ine ndilibemo, mukakumana nazo musadzati ndinakutumani ndine.

Kutsatsa malonda a ena. Ogulitsa zipangizo zaulimi, malo ogona alendo pa boma, masukulu a mkaka, osoka, ophika makeke. Amabwera okha akaona kuti anthu a dera lomwelo amakumverani.

Kugulitsa luso limene anthu aliona pa peji. Iyi nde imadzidzimutsa. Wina akuti zithunzi zanu zimaoneka bwino, bwerani mudzajambule chinkhoswe. Wina akuti ndiyendetsereni peji ya shopu yanga ndizikupatsani kenakake pamwezi. Mnzanga wina wa ku Kasungu ankangoponya mavidiyo oseketsa a Chichewa cha kumudzi, pano Loweruka lililonse nyengo ya maukwati amakhala atagwira maiki ngati MC.

Kusonkhanitsa anthu. Chaka chilichonse kumapeto kwa August anthu ambiri a kuno amapita ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika, ku Katete, ndipo mafunso a "tikwera chani, tinyamuka nthawi yanji, mapepala a pa boda afunika ati" amadzadza. Amene ali ndi anthu omumvera atha kugwirizana ndi mwini minibasi, kulemba mayina, n'kupezapo yake.

Musayambe zonse pakamodzi. Imodzi, iyende kaye.

7. Mtengo utchulidwe ntchito isanayambe

Ife Amalawi manyazi pa ndalama atipha. "Ah mungoona nokha bwana" ndi mawu amene andidyetsa zikomo wopanda kanthu kangapo, nditapalasa njinga mpaka ku Tembwe ndi kubwerera. Werengerani bandulo, thiransipoti kaya ndi kabaza, nthawi yanu, ndi ndalama imene ejenti adule potapa, kenako onjezani phindu lanu, ndipo mtengowo ulembedwe pa WhatsApp, osati pa foni yoimba, kuti mawa pasadzakhale "sitinagwirizane choncho".

Pa zotsatsa, ndalama yonse ibwere kaye positi isanakwere. Pa ntchito yoyenda, theka kaye, lotsala pomaliza. Ndipo konzani mitengo itatu yosavuta, monga positi imodzi, sabata yonse pamodzi ndi sitetasi, ndi kavidiyo kojambula pamalo awo. Munthu ukamupatsa zoti asankhe amasiya kufunsa ngati alipire, amayamba kufunsa kuti atenge iti.

Chenjezo: meseji yoti ndalama yalowa si ndalama. Sikirinishoti si ndalama. Lowani nokha pa *211# kapena *444# muone balansi musanatulutse katundu. Akathyali amatumiza meseji yofanana ndendende ndi yeniyeni kuchokera pa nambala wamba, kenako amaimba akulira kuti "ndalakwitsa, ndibwezereni". Ndipo ndalama ya kasitomala yogulira katundu si yanu, musaibwereke ngakhale kwa tsiku limodzi kuti mugulire ndiwo, mabvuto onse amayambira pa "ndibweza mawa".

8. Osangodikira, pitaniko nokha

Mukagwira ntchito ziwiri zitatu, lowani ku professional dashboard ya peji yanu, malo oonetsa mmene peji ikuyendera, jambulani sikirinishoti yoonetsa anthu amene mwawafikira mwezi uno komanso madera amene ali. Nyamulani foni ndi kope, pitani kwa mwini shopu nthawi imene kulibe makasitomala ambiri. Musayambe ndi kuchuluka kwa mafolowa, iye sizimukhudza. Mutsegulireni kope: "Bwana, onani, mwezi uno anthu awa andifunsa kumene angapeze mbewu yodalirika ya soya, ndiziwalozera kwa ndani?" Palibe wamalonda amene angakuthamangitseni ndi mawu amenewo.

Mukayamba kugwira ntchito ndi mabungwe kapena makampani adzakufunsani invoice (kalata yoitanitsira malipiro), akaunti ya ku banki ndi TPIN, nambala ya msonkho ya ku MRA, nde zikayamba kuyenda lembetsani bizinesi msanga, mwayi usadzakupezeni mulibe mapepala.

9. Ntchito ikatha, bwereraniko

Pakapita masiku awiri lembani kameseji: "Mayi, katundu uja anafika bwino?" Akayamikira, apempheni chilolezo choti muonetse mawu awowo kwa ena, nambala ndi nkhope mutabisa. Ngati pali dandaulo limveni msanga lisanakafike pagulu. Basi, sitepe iyi ndi yaifupi choncho, koma theka la makasitomala anga atsopano amati "anandipatsa nambala yanu ndi akuti".

Zolakwika zimene ndimaziona kawirikawiri

Kugula mafolowa kapena kulowa magulupu a "ndilayike ndikulayike". Nambala imakwera, koma mukaonetsa wamalonda dashboard n'kupeza anthu anu ambiri ali maiko amene simungawatchule n'komwe, akagula feteleza pa Kamwendo amenewo?

Kusandutsa peji kukhala chikwangwani. Ndalama ikangoyamba kulowa ena amaiwala zimene anthu anabwerera, positi iliyonse n'kukhala malonda. Ine pa mapositi asanu, amalonda amakhala amodzi, ndipo ndimanena poyera kuti awa andilipira. Anthu sadana ndi malonda, amadana ndi kupusitsidwa.

Kutsatsa chilichonse bola alipire. Mankhwala ochiza matenda onse, mbewu yopaka utoto yopanda chizindikiro, mankhwala a mbozi othira m'botolo la fanta, zija za "ikani 20 pin mulandire 100 pin Lachisanu". Kutsatsa mankhwala kuli ndi malamulo ake ndipo amayang'anira ndi a PMRA, bungwe loona za mankhwala, koma ngakhale lamulo litapanda kukupezani, mlimi amene mbewu yake sinamere akupezani ndithu, poti amadziwa pamene mumakhala. Wotsatsa uja adzakhala atathimitsa foni.

Kutenga zithunzi za eni ake n'kumati katundu ndi ameneyu. Kapena kujambula anthu pamsika, makamaka ana, osapempha.

Kulemba za munthu kapena shopu kuti ndi akuba chifukwa mwakwiya. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 lilipo ndipo anthu anamangidwapo chifukwa cha zolemba pa intaneti. Ngati wakuberani, sungani mameseji ndi manambala a transaction mupite nawo ku polisi.

Kupereka pasiwedi kwa chibwenzi kapena msuweni kuti "azikuthandizani kuyankha". Facebook ili ndi njira yopatsa munthu mphamvu zochepa pa peji popanda kumupatsa akaunti yanu, gwiritsani ntchito imeneyo, chikondi chikatha peji isapite nacho.

Ndi ngongole za achibale, izi nde zovuta kuposa zonse kkkk. Amalume akufuna muwatsatsire nkhumba zawo ulere, alamu akufuna muwajambulire ulere, mpingo nawo ukuti ndinu mwana wathu. Ine ndinapeza njira yoti mwezi uliwonse ndimasiya mpata umodzi waulere, woyamba kupempha watenga, wachiwiri ndimamuonetsa kope kuti malo a mwezi uno anatha, adikire wamawa kapena alipire theka. Amalume anakwiya sabata imodzi, kenako anatumiza theka lija pa Mpamba, nkhumba zinagulidwa ndi munthu wa butchala ku Namitete.